Bulangete Lochokera ku Joni

Lero Lolemba. Abale a m'chigwa, sendezani wailesi pafupi, zilengezo zanu nazi.

Bambo Geresomo Nyamizinga, asodzi a kwa Nyachikadza m'boma la Nsanje, akudziwitsa mwana wawo Tiyamike, yemwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni ndipo watsika ndege dzulo, kuti amayi ake, Mayi Agnesi, matenda awakulira. Phala akukana, akungofunsa ngati mwana wawo wawoloka. Pafoni sakumvana bwino, chomwe bambowa atolapo nchoti Tiyamike akudikira chikwama kubwalo la ndege. Mawu awo ndi awa: "Mwanawe, chikwama sichidwala. Bwera, bwato likukudikira padoko." Chilengezochi chachokera kwa Bambo Geresomo Nyamizinga.

Lero Lachiwiri. Tiyamike Nyamizinga akudziwitsa onse amene anakwera naye ndege Lamulungu kuti chikwama chake sichinaoneke. Nchakuda, chomangidwa kansalu ka chigwirizano cha amayi a kutchalitchi pachogwirira. Akuti katundu anachedwa kutuluka mpaka anthu anayamba kukhala pansi, ndipo atatuluka aliyense anangotsomphola chake nkuthamangira basi. Iye anatsala yekha, maso ali pakhomo potulukira zikwama. Akuluakulu apamenepo akungomuuza kuti abwerenso mawa. M'chikwamamo muli bulangete lomwe amayi ake anamupempha, poti chidwalireni amamva kuzizira ngakhale kuno kotentha kwathu kuno. Kwa bambo ake akuti amupirire tsiku limodzi lokha. Zaka zonsezi ali ku Joni, sangafike pamphasa ya amayi ake ali chimanjamanja, mudzi wonse ukuyang'ana. Chilengezochi chachokera kwa Tiyamike Nyamizinga.

Lero Lachitatu. Bambo Duncan Thole a pa Ngabu, kuseri kwa msika wa thonje, akudziwitsa mayi amene akusowa chikwama kuti chili kwawo. Akupepesa ndi mtima wonse. Akuti anatopa nkudikira, njala ili m'mimba, minibasi yomaliza yotsikira kuchigwa ikuti inyamuke, ndiye ataona kansalu konga kamene akazi awo anawamangira, sanaonenso dzina. Sanazindikire msanga chifukwa kwawoko chikwama cha ku Joni satsegula mpaka abale onse atasonkhana, ndipo alongo awo a kwa Maseya afika lero. Bulangete lilimo, sanalikhudze. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Duncan Thole.

Lero Lachinayi, ndipo ichi ndikuwerenga mtima uli wolemera. Banja la a Nyamizinga likudziwitsa abale ndi abwenzi a kwa Nyachikadza, kwa Maseya, ku Bangula ndi kutsidya ku Mozambiki, komanso amayi onse a chigwirizano, kuti Mayi Agnesi Nyamizinga atisiya m'mawa uno. Mwambo woika maliro uchitika mawa Lachisanu kumudzi komweko. Kutentha kwake mukukudziwa, thupi silingasungike. Adzukulu avomera kudikira mpaka dzuwa lifike pamutu, kupitirira apo ayi. Tiyamike, ngati ukumva, usapatukenso pena paliponse. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Geresomo Nyamizinga ndi banja lonse.

Lero Loweruka. Tiyamike Nyamizinga akuthokoza onse amene anabwera kudzaika amayi ake m'manda, iye kulibe. Akuti anatsika pa Ngabu kuti atenge chikwama, poganiza kuti bulangetelo poti lalephera kufunditsa odwala, lifunditseko bokosi. Minibasi yotsatira inachedwa kudzaza. Bwato litafika tsidya, anakumana ndi adzukulu akutsuka makasu m'madzi. Iye sakuwasungira mangawa Bambo Thole. Koma kwa amene amayendetsa za katundu kubwalo la ndege akuti: "Zikwamazo muzitulutsa msanga, mabwana. Amene tikuima pamenepo ena tikudikiridwa ndi anthu opanda mawa."

Akudziwitsanso kuti bulangete lija lilipo, likadali m'pulasitiki mwake. Bambo ake akukana kuti ligone m'nyumba, iyenso sangalifunde. Aliyense amene ali ndi mayi wodwala, womva kuzizira, afike kwa Nyachikadza adzatenge ulele. Chomwe akupempha nchimodzi chokha: abwere lero, asadikire mawa. Chilengezochi chachokera kwa Tiyamike, mwana wa malemu Mayi Agnesi Nyamizinga.