Magetsi a M'chigwa

Pamzere wolipirira m'sitolo ya zipangizo, bambo wina waimvi anali atakumbatira sola ngati khanda, mumtima akuti mavuto atha. Mayi amene anali pambuyo pake anamuyamba.

"Ya wailesi imeneyo, bambo?"

"Ya firiji, mayi. Mankhwala a shuga a akazi anga safuna kutentha."

"Kwanuko dzuwa limawala bwino?"

"Tili m'chigwa. Limatipeza masana, nkhungu ikatopa."

"Ndiye mankhwalawo awonongeka. Ifenso sola inatigwiritsa fuwa lamoto, pano timayanikapo zovala. Mtsinje mulibe?"

"Ulipo, wotsetsereka kuseri kwa nyumba, ndipo suphwa."

"Ibwezeni imeneyo, mufunse kamakina ka magetsi kopukusidwa ndi madzi. Kathu sikalabada za mitambo."

Bamboyo anavula chipewa.

"Mayi, mwandipulumutsira mkazi. Ndipo ine zaka zonsezi ndakhala ndikuutukwana mtsinjewo chifukwa cha phokoso!"