Amuna Anga Anathawa, Magazi Anandipatsa Mlendo wa ku Chikweo

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene mawu awa akupezeni. Ine ndine Agnesi, mayi wa ku Phalula, ndipo mutu wanga wayera tsopano. Masiku ano ndikumva ana athu akutsutsana ngati n'koyenera kuti abambo azigona kuchipatala pafupi ndi akazi awo akangobereka. Nkhani imeneyi ikamveka, mtima wanga umabwerera pa bedi limene ndinatsala pang'ono kuferapo amuna anga atandithawa. Nkhani yangayi ndaisunga m'mimba zaka zambiri, koma ndaona kuti kuibisa n'kumana Mulungu ulemu wake.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipanicho. Ndinali pabanja ndi a Filipo, mlimi wa thonje wa ku Utale amene anadzakhala kwathu chikamwini. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera, choncho pa yachitatuyi anamwino anandilangiza kuti ndisayerekeze kuberekera kumudzi. Mayi anga anali atamwalira kale, ndipo mkulu wanga anali ndi mwana wodwala chikuku, moti wondidikirira wamkazi ndinalibe. Nditadandaula, a Filipo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Musade nkhawa, mayi. Kaya andiike pakhonde, kaya pansi pa mtengo, ine sindikusiyani." Ndinawakhulupirira, chifukwa ana awiri aja tinawalira limodzi.

Matenda anayamba m'mawa wina nthawi yothyola thonje. Tinaimitsa lole pamsewu waukulu, ndipo inatitula pafupi ndi chipatala dzuwa lili pamutu. Madzulo asanakwane ndinabereka mwana wamwamuna wamoyo, wolira mwamphamvu. Ndinalira nawo ndi chimwemwe. Koma magazi sanaleke kutuluka monga mmene amayenera, ndipo ndinaona anamwino aakulu, mayi wachikulire wa magalasi, akutuluka panja kukalankhula ndi amuna anga.

Patapita kanthawi a Filipo anabwera pawindo la pafupi ndi bedi langa. Maso awo sankakhazikika. Anati, "Andithamangitsa. Akuti mwamuna sagona kuno, ndi lamulo. Ndibwera mamawa ndi basi yoyamba." Ndinawamvera chisoni, abale. Ndinawauza kuti ayende bwino, ndiponso kuti asaiwale kutsekera mbuzi. Mkwiyo wanga wonse ndinauika pa anamwino aja, amene ndinkati achotsa m'bale yekhayo amene ndinali naye kuchipatalako.

Usiku umenewo ndinaphunzira kuti kusowa wokudikirira n'chiyani. Anamwino anali mmodzi pa amayi ambirimbiri. Mwana akalira ndinalibe mphamvu yomunyamula, ndipo kapu ya madzi ndinkangoiyang'ana osaifikira. Pa bedi loyandikana nalo panagona mayi wachisilamu wa ku Chikweo, Abiti Sumani, amene anabereka pochita kung'ambidwa ndipo sankatha kudzuka. Nthawi ndi nthawi ndinkamva kutsokomola kunja kwa windo, kenako mawu a mwamuna akufunsa chapansipansi m'Chiyao, mayiyo n'kuyankha. Anali amuna awo, Che Amidu, amene anabwera panjinga ndipo ankagona pa thumba kuseri kwa khoma. Azimayi odikirira odwala ankawaseka poyera kuti anadyetsedwa khuzumule. Ine sindinaseke. Ndinangodabwa kuti lamulo lothamangitsa amuna anga lawasiya bwanji awa.

Kutacha zinthu zinafika poipa. Nsalu zonse zinali zitanyowa, m'makutu munkalira, ndipo denga ndinkaliona ngati likuzungulira. Adokotala anabwera, anachita zimene akanatha, kenako anati popanda kundiwonjezera magazi sindifika madzulo. Osungidwa panalibe, ankafunika m'bale woti apereke. Anamwino aakulu aja anawerama n'kundifunsa ngati amuna anga abwera.

Ndinasonkhanitsa mphamvu zotsala n'kuwayankha mowawidwa kuti, "Abwera bwanji poti munawathamangitsa nokha?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati, "Ine, mwana wanga? M'wodi muno amuna sagona, n'zoona. Koma inu poti mulibe wokudikirirani, ndinawapatsa benchi la pakhomo apo ndi bulangete langa. Ndinawachonderera kuti asachoke chifukwa mungafunike magazi. Anandiyankha kuti mwamuna salowa m'chikuta, ndiponso kuti magazi awo sapereka kuti akagulitsidwe."

Masiku amenewo kunali mphekesera zoti magazi a anthu amatengedwa n'kukagulitsidwa kunja kwa dziko, ndipo ambiri ankazikhulupirira, ngakhale ankazinena monong'ona poopa kumangidwa. Choncho ndinamvetsa zonse nthawi imodzi. A Filipo ankadziwa kuti ndikhoza kufa. Anauzidwa momveka bwino. Atamva, anabwera pawindo, anandiyang'ana kumaso, anandinamiza, ndipo ine ndinawatsanzika ndi mawu okoma.

Ndikuuzeni zoona, ululu wa pobereka sunafike pa ululu umenewo. Ndinatembenukira kukhoma ndipo sindinafunenso kukhala ndi moyo. Ndinaganiza za zaka zimene ndinawaphikira, za mizere imene tinalima limodzi, za munda wa malemu mayi anga umene ndinawapatsa kuti abzalemo thonje. Zonsezo zinachepa poyerekeza ndi botolo limodzi la magazi. Pemphero langa silinali lokongola iyayi. Ndinati, "Ambuye, amene ndinamudalira wandisiya. Ngati nanunso mukundisiya, ingondiuzani amene ayamwitse mwanayu." Sindinathe kuwonjezera mawu ena.

Abiti Sumani anali atamva zonse. Anatambasula dzanja n'kugogoda pawindo ndi supuni, kenako analankhula mwachangu m'Chiyao. Posakhalitsa pakhomo pa wodi panaima bambo wowonda, wovala kachipewa koyera, maso ali ofiira ndi tulo. Sanalowe. Anaima pomwepo mwaulemu, napinda mkono wa malaya, n'kuuza anamwino kuti, "Yesani anga." Ndinamva pambuyo pake kuti bambo wina amene anadzaona wodwala anawakoka pambali n'kuwakumbutsa za mphekesera zija, nawafunsa kuti akudzivutiranji ndi mkazi wa eni, wachikhristu, wosamudziwa n'komwe. Che Amidu anangoti, "Magaziwa ndinapatsidwa ndi Mulungu. Akafuna adzandibwezera."

Anawayeza, ndipo magazi awo anagwirizana ndi anga. Sindikumbukira zambiri za tsiku limenelo, koma ndikukumbuka kuti dzuwa likupendeka ndinatsegula maso, denga linali litaima, ndipo ndinamva njala. Anamwino aja, amene ndinawada usiku wonse popanda chifukwa, anandiikira mwana pachifuwa ndi manja awo. Ndinawapepesa. Anangondisisita pamutu.

Che Amidu sanalekere pomwepo. Ngakhale anali ofooka, ankatola nkhuni n'kukapatsa mayi wina wodikirira wodwala kuti aphike phala la anthu awiri, la akazi awo ndi langa. Ankatunga madzi n'kuwasiya pakhomo. Azimayi oseka aja anayamba kutsitsa mawu akamadutsa.

A Filipo anabwera tsiku lachinayi. M'khwapa anali atapanira mphasa yatsopano ndi nsalu yoyera, chifukwa anamva kwa anthu a pamsewu kuti mayi wa ku Phalula ali kayakaya. Anabwera kudzanyamula maliro anga. Atandiona nditakhala tsonga ndikuyamwitsa, anayesa kubisa katunduyo kumbuyo, n'kuyamba kufotokoza za kusowa kwa basi. Ndinawafunsa funso limodzi: "Bambo, anakuthamangitsani ndani?" Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndinkaopa." Ndinati, "Nanga ine sindinkaopa?" Anapempha kunyamula mwana, ndipo ndinawapatsa, chifukwa ndi mwana wawo.

Tsiku limene Abiti Sumani anatulutsidwa, ndinadzikoka mpaka pakhomo kuti ndigwade pamaso pa Che Amidu. Anandiletsa. Anati, "Iyayi, mlongo wanga, musatero. Ine palibe chachikulu ndachita. Ndinangopezeka pafupi basi." Anakweza akazi awo ndi khanda panjinga, iwo n'kumaikankha wapansi. Sindinadzawaonenso. Ndinafunsapo kwa ogulitsa chinangwa ochokera ku Chikweo, koma palibe amene anandilozera molondola.

Kumudzi ankhoswe anakhala pansi, a Filipo anapepesa, ndipo ndinauzidwa kuti banja ndi kupirira. Ndinayesetsa. Tinakhala limodzi zaka ziwiri, koma nthawi iliyonse akandilonjeza kanthu, ngakhale kakang'ono ngati kugula mchere, mtima wanga unkafunsa ngati akunenanso zoona. Iwonso sankatha kundiyang'ana m'maso. Pamapeto pake anabwerera kwawo ku Utale. Kukhululuka kunabwera mochedwa kwambiri, ndipo sindikunamizeni kuti chipsera chinatha. Mantha ndinawakhululukira msanga, poti tonse timaopa. Chimene chinanditengera zaka ndi bodza lija la pawindo.

Tsono ana anga akamandifunsa maganizo anga pa za abambo kugona kuchipatala, ndimawauza kuti ndikumvetsa amayi amene amachita manyazi. M'wodi mumakhala amayi ena osavala bwino, otopa, ofuna kuyamwitsa momasuka, ndipo ulemu wawo uyenera kusungidwa. Koma pakati pa kulowa m'wodi ndi kubwerera kumudzi pali khonde, pali benchi, pali windo. Bambo amene akufuna kukhala apatsidwe malo, aziitanidwa akafunika. Ndipo bambo amene sakufuna asabisale kuseri kwa lamulo kapena mwambo, chifukwa mkazi wake adzadziwa ndithu tsiku lina.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wokwiya, lopanda ngakhale ameni. Mwana uja anakula, ndipo lero ndili ndi zidzukulu zisanu. Ndikuthokoza chifukwa cha anamwino aja, chifukwa cha Abiti Sumani amene sankatha kudzuka koma anatha kugogoda, ndiponso chifukwa cha Che Amidu, amene ndimawatchula m'pemphero ngakhale tinkapembedza mosiyana.

Inu amene mwasiyidwa ndi munthu amene munamudalira, pa nthawi imene munkamufuna koposa, sindikuuzani kuti musalire. Lirani, ndipo muuzeni Mulungu mmene zikuwawira, ngakhale ndi mawu okalipa. Koma musafulumire kunena kuti zatha. Ine ndinatembenukira kukhoma ndikuganiza kuti padziko palibenso wanga, osadziwa kuti kuseri kwa khoma lomwelo kwagona munthu amene Ambuye anamukonzera kale. Limbani mtima mpaka kuche.