Ndinafufuta Khodi ya a Mhango

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Tamanda wa ku Machinjiri, ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. Mwezi watha ntchito inatsala pang'ono kundithera, ndipo kunena zoona mtima ukundiwawabe.

Kampani yathu imasamalira pulogalamu yosunga mbiri za odwala pa kachipatala kena ku Ndirande. Amene anailemba kalekale ndi a Mhango, bambo amene anapuma pantchito. Abwana anandiuza kuti ndiikonze ikhale yamakono. Nditatsegula khodi yake, malamulo olembedwa oyendetsa pulogalamuyo, ndinaseka, chifukwa chilichonse chinkasungidwa kawiri, mphindi iliyonse. Ndinauza anzanga kuti madala aja ankalemba zinyalala, kenako ndinafufuta mbali imeneyo.

Lamulo lathu ndi loti abwana aziwerenga khodi isanatumizidwe. Iwo anangolemba kuti "zili bho" uku akuyankhula pafoni, osatsegula n'komwe. Ndinaona ndithu, koma wamng'ono angauze bwanji abwana kuti werengani? Ndinangoti zikomo.

Lachitatu masana magetsi anathima ku Ndirande anamwino ali mkati molemba. Atayaka, fayilo yonse inali itawonongeka. Odwala shuga ali pamzere, mbiri zawo kulibe. Kumsonkhano abwana anandiloza chala n'kunena kuti, "Mtsikanayu amachita zinthu payekha." Iii, zinandiwawa! Anandipatsa masiku awiri oti ndibwezeretse mbirizo, ndikalephera ndipakire. Anzanga amene tinkasekera limodzi a Mhango anangoyang'ana pa makompyuta awo.

Ndinalira m'minibasi mpaka ku Machinjiri. Pemphero langa linali lalifupi ndi lamkwiyo: "Ambuye, ndalakwa, koma kodi ndalakwa ndekha?"

M'mawa mwake namwino wamkulu wa pa chipatalapo, amene amapemphera mpingo umodzi ndi a Mhango ku Chilomoni, anawaimbira foni. A Mhango anabwera kuofesi kwathu ndi ndodo yawo, n'kukhala pambali panga. Anandifunsa mofatsa kuti, "Mwananga, kwanuko magetsi sathima?" Kusunga kawiri kuja anakuika poopa kuthima kwa magetsi. Kenako anandionetsa kachidutswa kena ka khodi, kamene ndinali nditakaika kale pamndandanda wa zofufuta sabata yotsatira. Kamakopera mbiri zonse pa kompyuta ya kolandirira mankhwala tsiku lililonse poweruka. Zonse tinazipeza mmenemo, ndipo za Lachitatu lokhalo anamwino anazilembanso kuchokera m'mabuku a odwala.

Ntchito yanga inapulumuka. Abwana sanapepese mpaka lero, m'malo mwake anauza anthu kuti tagwira ntchito ngati timu. Timu yake iti? Ndikuyesetsa kukhululuka, koma sindinafike.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa ndi dzanja la munthu amene ndinamunyoza. Inu amene mwasenzetsedwa mlandu nokha, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lituluke ndi mkwiyo ngati langa. Potsanzikana, a Mhango anandiyamikira kuti ndimalemba khodi yooneka bwino, ndizingofunsa ndisanafufute. Sadziwa kuti ntchito yawo ndinaitcha zinyalala. Loweruka ndikupita ku Chilomoni kukawauza ndekha, ndiye mundipempherere.