Mbereko ya Dolika Ili Pansi pa Dothi

Polisi ya Fort Jameson, Lolemba, November 1946

Ine, Zelipa Sakala, wa zaka 21, wa m'mudzi wa Kapoko ku Kasenengwa, ndine mayi wapakhomo. Amuna anga a Gerson Mbewe akuphunzira uphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo tikukhala kunyumba za ophunzira okwatira. Tili ndi mwana mmodzi, Dolika, wosayamba kudya phala.

Pasukulupo pali mwambo. Mayeso omaliza akayandikira, ophunzira amachita maliro a mayeso. Amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu yotenga osapempha, n'kukalikwirira kutchire. Amafukula mayeso akatha. Amati wina akaulula malowo, kalasi yonse ilephera.

Loweruka m'mawa ndinachapa mbereko ya Dolika, yofiira, n'kuyanika pampanda. Masana sindinaipeze. Nthawi yomweyo kunafika malume anga a Sankhani panjinga, atatitengera mtedza. Tili kulonjerana, ophunzira anadutsa pamsewu atanyamula thunthu lija pamachira, akulira monamizira. A Lazarus Zulu, mtsogoleri wawo, anali patsogolo atadzikuta bulangete ngati mbusa, akufuula kuti, "Pita bwino Masamu, unatizunza!" Amuna anga anali mmodzi wa onyamula. Thunthulo linali m'mbereko ya Dolika.

Malume anaizindikira, poti ndiwo anaigula kusitolo ya a Buruhani. Anafunsa kuti, "Mwana ali moyo, maliro ake ayenda bwanji?" Ndinati ndi masewera a sukulu. Iwo anati, "Kwathu sitisewera ndi manda." Anathamangira ophunzirawo koma anali atalowa kale m'tchire.

Atabwerako anamuchotsa Dolika m'manja mwanga, n'kumumanga kumsana ndi jekete lawo. Anati, "Mwana wa mbumba yanga sagona pamalo pamene amuikira kale maliro. Mbereko ikatuluka pansi mudzamutenge." Ndinawatsatira mpaka pamlatho, njinga inandisiya.

Lamulungu ndinayenda wapansi kupita ku Kapoko. Malume anaima pakhomo. Ndinamumva Dolika akulira m'nyumba, mawu atasasa. Malume anati popanda mbereko sindilowa, ndingamubweretsere tsoka. Mkazi wawo a Yosefina ananditsatira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti mwana phala akulavula, akungomwa madzi.

Nditabwerera ndinawauza amuna anga. Anati sanadziwe kuti nsaluyo ndi yathu mpaka ali panjira, ndipo anachita manyazi kunena. Anakapempha anzawo. Anzawo anagwetsa nkhope. A Lazarus anabwera kunyumba chipewa chili m'manja, anati, "Mlamu, tikhululukireni. Koma ena pano makolo awo anagulitsa ng'ombe kuti awalipirire sukulu. Ndani aulule?" Mayeso akuyamba Lachitatu, atha pakatha masabata awiri.

Lero m'mamawa ndinakumba ndekha kuseri kwa munda wa sukulu. Sindinapeze kanthu. Amuna anga anandipeza komweko. Anati, "Amake Dolika, pitani ku Boma mukandisumire kuti ndinaba nsalu. Msilikali akandigwira padzanja n'kundikakamiza, ndiye kuti sindinaulule ndekha. Anzanga avomera."

Choncho ndikuwasumira amuna anga a Gerson Mbewe pa mlandu wakuba mbereko imodzi yofiira. Sindikufuna kuti malume amangidwe. Ndikupempha msilikali mmodzi apite nane lero lomwe, dzuwa lisanapendeke. Amuna anga sathawa, akhala pachipata cha sukulu ndi khasu. Dolika sanayamwe kuyambira Loweruka masana.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Zelipa Sakala ______________