Magulu a ku Chinyunyu

Chaka chimene ndinafuna utcheyamani wa kopaletivi ku Chinyunyu, ine Cephas ndinaona kuti makomo ndi ambiri, miyendo ndi iwiri yokha. Choncho ndinatuma mkazi wanga Edness ndi nzeru imene ndinkati ndi ya pamwamba, ndipo anabwera dzuwa likupendeka.

"Amake Nelly, mwachita monga ndinanenera?"

"Ndendende. Munati ndisiye nkhani ina kwa ba Rosina, ina kwa ba Dolly, amayi osasunga chinsinsi aja. Omva nkhani imodzi ndiye gulu limodzi."

"Ehee! Kenaka ndinyengerere mkulu wa gulu lililonse, basi mavoti onse m'thumba. Mutu uwu!" Ndinadzigogoda pamphumi. "Zayenda?"

"Zathamanga. Munati nkhani zikhale zothamanga."

"Munapeka zotani?"

"Kupeka? Ine wa kwaya ndiname?"

"Nanga mwanena zotani?"

"Kwa ba Rosina ndanena za chule uja munamuthawa m'chimbudzi mukuitana amayi anu."

"Mayo! Inali njoka!"

"Njoka yodumpha? Kwa ba Dolly ndanena za ku kasupe wa madzi otentha."

"Ayi, amake Nelly. Ayi!"

"Muja munalowa osayesa ndi chala, n'kutulukira pamsewu buluku lili m'manja, basi ya ku Chipata itaima."

Ndinakhala pansi pomwe panalibe mpando. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma ine kugonja sindidziwa.

"Chabwino. Nzeru yagwira ntchito. Magulu aoneka?"

"Bwinobwino. A kutsidya kwa msewu akakuonani azilira ngati chule. A ku mjigo azigwira lamba."

"Mwaona! Wina akanatha mwezi akuzungulira makomo. Nanga amene amva zonse ziwiri? Amenewo ndiwo olumikiza magulu, ofunika kwambiri."

"Alipo mmodzi. Ndi amene mukupikisana naye uja. Anaseka mpaka anamupatsa madzi."

Ndinakhosomola. "Zilibe kanthu. Gulu londivotera ine ndi liti?"

"Ndi gulu lachitatu. Silivuta kuwerenga."

"Ndani ndi ndani?"

"Inu."

"Ndi inunso, kaya! Ndiye kuti tili awiri."

Edness anamanga chitenje bwino, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Pepani, atate a Nelly. Munanena nokha kuti munthu amakhala m'gulu la nkhani imene wamva. Ine ndine wa chule."