Tsiku Limene Ndinazimitsa Foni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mumandidziwa ngati mwana wa mayi Nabanda a ku Chia. Ena mumanditcha adokotala. Lero ndaima pano kuti ndikuuzeni munthu amene ndinali.

Mowa sindinkamwa. Koma ndinali ndi kuledzera kwangakwanga.

Ndinaphunzira za ubongo wa ana, mmene umakulira ndi zimene zimauwononga mwana akadali wamng'ono. Ndinkagwira ntchito ya kafukufuku ku Blantyre. Pantchito imeneyi munthu amadziwika ndi mapepala amene walemba m'magazini a sayansi. Pa intaneti pali tsamba lowerengera akatswiri anzako amene atchula dzina lako m'zolemba zawo. Nambalayo ikamakwera, ndiwe munthu. Ikaima, palibe amene amakuitana ku msonkhano.

Ine ndinkatsegula tsamba limenelo ndisanasukusule n'komwe. Likaonetsa kuti wina wakunja wanditchula, tsiku lonse ndinkayenda monyang'wa. Likapanda kusintha, ndinkakalipira aliyense. Kutchalitchi ndinasiya kalekale. Ndinkati za Mulungu n'za anthu amene sanaonepo ubongo ndi maso awo.

Ndili ndi mwana mmodzi, Tadala. Bambo ake tinasiyana iye ali wakhanda. Atakwanitsa zaka ziwiri ndinabwera naye kuno kwa amayi, ndikunena kuti n'kwa miyezi yochepa chabe. Miyeziyo inasanduka chaka. Tadala anali mwana wolongolola. Ankatchula nsomba iliyonse dzina lake, ndipo ankaimba nyimbo za kwaya mosokoneza mawu.

Lachiwiri lina, nthawi ya mvula, ndinali kumaliza pepala lalikulu kuposa onse amene ndinalembapo. Linali lonena za malungo aakulu, mmene amavulazira ubongo wa ana. Foni inalira. Anali amayi.

"Mwanawe, Tadala thupi latentha. Sakudya kuyambira dzulo."

Ndinayankha kuti, "Mupatseni panado, amayi. Ndili pa ntchito, ndikuimbirani."

Kenaka ndinazimitsa foni.

Abale anga, mumve bwino. Ine ndi amene ndinkadziwa. Mawu oyenera anali pakamwa panga: thamangani naye akayezedwe magazi lero lomwe. Ndinali nditawalemba m'pepala lomwelo. Koma kwa amayi anga sindinawanene, chifukwa ndinkaopa kuti andisokoneza maganizo. Amayi anakhulupirira mwana wawo wophunzira. Anapereka panado n'kudikira.

Lachinayi Tadala anayamba kukomoka. Mayi Asiyatu, Asilamu oyandikana nafe nyumba, anasiya mpunga wawo kudimba, anamubereka n'kukwera naye kabaza mpaka kumsewu, kenaka minibasi mpaka kuchipatala cha paboma. Ine ndinayatsa foni masana a tsiku limenelo, pepala nditatumiza kale.

Ndinafika Lachisanu. Tadala anali chigonere, maso ali gwa, sakuzindikira munthu.

Anatsitsimuka patapita masiku. Koma sanadzuke Tadala yemwe uja. Makutu anagontha. Mawu onse anathawa. Mwendo wakumanzere ankaukoka.

Kholo lina likanatha kuyembekeza kuti mwina mawa zisintha. Ine ndinalibe mwayi umenewo. Ndinkadziwa mbali ya ubongo imene yavulala, ndinkadziwa dzina lake, ndinkadziwanso kuti sibwerera. Maphunziro anga onse anangondithandiza kuona bwinobwino chimene ndinachita.

Pepala lija linatuluka, ndipo linatchuka kuposa ena onse. Makalata oyamikira ankabwera kuchokera kumayiko amene sindinafikeko. Nambala ija inkakwera sabata ndi sabata. Aliyense wonditchula ndinkamva ngati akundiloza chala.

Ndinasiya ntchito n'kubwerera ku Chia. Ndinayesa kumuchiza mwanayo ndi nzeru zanga. Ndinkamuyeza, kumuonetsa zithunzi, kulemba m'kabuku zimene walephera. Mapeto ake akandiona ankabisala kumbuyo kwa agogo ake. Pamenepo ndinagwa mphwayi. Ndinadzitsekera m'chipinda. Kusamba ndinasiya, kudya kunali kokakamizidwa. Anthu akamadutsa kupita kukazula chinangwa, ndinkatseka zenera kuti asandipatse moni. Ndinkalakalaka nditangogona osadzukanso. Miyezi inatha ndili choncho.

Chimene chinkandidya kwambiri n'chakuti palibe amene anandidzudzula. Aliyense ankati, "Pepani, ndi malungo." Za foni ija sindinauze munthu.

Lamulungu lina amayi anadzuka mwendo utatupa. Anagogoda pachitseko changa.

"Tadala wavala kale. Tchalitchi sajomba. Lero umuperekeze ndiwe."

Ndinapita naye monyinyirika. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pabenchi lomaliza lija. Kwaya itayamba, Tadala anatsika, n'kumakoka mwendo wake mpaka kutsogolo. Palibe amene anamuletsa. Amayi oimba ng'oma anamusendezera malo ngati mwa masiku onse. Anaika manja ake onse awiri pathupi la ng'omayo, n'kutseka maso. Kenaka anaseka. Kuseka kwenikweni, kwa mawu.

Ndinali ndisanamumvepo akuseka chidwalireni. Miyezi yonseyo ndinkalemba zimene anataya. Inu, mpingo uno, munali mutapeza kale zimene zinatsala, ndipo munkamukonda nazo.

Ndinalira mpaka mapemphero kutha. Anthu atatuluka ndinatsalira, ndipo ndinawauza abambo wansembe zonse, kuyambira foni ija. Sanandinyengerere. Sananene kuti sindinalakwe. Anati, "Munalakwadi, mwana wanga. Koma Yesu anafera olakwa enieni, osati ongoganiziridwa." Tinagwada pansi pomwepo. Ndinapempha chikhululukiro kwa Mulungu amene ndinkamunyoza.

Nditafika kunyumba ndinagwadanso pamaso pa amayi. Ndinati ndinazimitsa foni dala. Iwo anati, "Ndimadziwa. Ndinaimba kasanu. Ndinakukhululukira tili kuchipatala konkuja, koma iwe sunkandiyang'ana kumaso kuti ndikuuze."

Sindikunamizani, abale. Tadala sakumvabe. Mwendo akuukokabe. Pali masiku amene chisoni chimandibwerera ngati kale. Koma sindichisenzanso ndekha. Tikuphunzira limodzi kulankhula ndi manja, ndipo iye ndi amene amandikonza ndikalakwitsa. Sabata yatha anandigwira chibwano, n'kunditembenuza kuti ndimuyang'ane, n'kupanga chizindikiro cha "amayi". Sanaloze agogo ake. Analoza ine.

Ambuye alemekezeke, amene sanandisiye m'chipinda chija. Alemekezeke chifukwa cha mayi Asiyatu amene anathamanga pamene ine sindinathamange. Alemekezeke chifukwa cha inu.

Mwina pakati panu pali wina amene wasunga chinthu chimene sanauzepo munthu. Chikukudyani m'kati, pamene anthu akukupatsani ulemu panjira. Musadikire kuti muyambe mwakonzeka. Ine ndinabwera wosasamba, wosakhulupirira, ndipo anandilandira. Bwerani mudzamuuze Yesu monga mmene zinachitikira. Sadzakubwezani.

Amen.