Zidzolo za Tsaya Limodzi

Pa mzere wa kuchipatala cha ana, mayi wobereka mwana kumsana anatembenukira mayi wachikulire amene anali kumbuyo kwake.

"Amayi, chotsani dzanja pankhope pa mwana wanga. Simukuona zidzolozo?"

"Ndaziona, n'chifukwa chake ndikuyang'ana. Zinayamba liti?"

"Miyezi inayi yapitayo. Ndikamupaka mankhwala zimauma, pakatha sabata zabwereranso. Sopo ndasintha katatu, mazira ndinamuletsa. Apongozi anga ankangomupsompsona tsiku ndi tsiku, ndiye ndinawauza kuti asapondenso pakhomo panga."

"Munathamangitsa agogo ake a mwana?"

"Ndizingoonerera mwana akudzikanda mpaka magazi? Kodi inu ndinu adokotala, kapena mwangosowa chochita pamzere pano?"

"Ine ndimaluka tsitsi, mwanawe, ndipo ndinayamba iwe usanabadwe. Bwanji zili tsaya limodzi lokha? Apongozi akowo ankasankha tsaya?"

"Ndidziwa bwanji ine?"

"Taona mmene wagonera kumsanako. Tsaya lomwelo latsamira pa meshi yakoyi. Umaipopera chiyani kuti iziwala chonchi?"

"Mafuta onunkhira a m'chitini aja, m'mawa uliwonse."

"Apongozi anachoka liti?"

"Mwezi watha."

"Zidzolo zinachoka nawo?"

Mayi wa mwana uja anatulutsa mpango m'chikwama n'kumanga tsitsi lake lonse m'mwamba.

"Ukawauzebe adokotala zonsezi, ine sindinaphunzire za mankhwala."

"Adokotala savuta, amayi. Koma kwa apongozi ndikalowa ndi nkhope iti?"